Alamu Anga a Wessel, Amene New York Inkawadziwa Msana Wokha

Mukadzalowa m'nyumba ya munthu wachuma ku New York n'kupeza pakhoma chithunzi cha mtsinje wathu uno wa Hudson, musathe nthawi ndi mapiri kapena mitambo. Yang'anani m'munsi, pansi pa mtengo wouma wopendekera kumadzi. Mukaona kamunthu ka malaya ofiira, kochepa ngati nyemba, kataima chokufulatirani, vulani chipewa. Amenewo ndi malemu alamu anga, a Wessel Dederick, amuna awo a achemwali anga a Lavinia.

Ine ndine Keziah. Ndinakhala pakhomo pawo kuyambira utsikana wanga, ntchito yanga ili kuphika, kuchapa ndi kutsutsa. Kukwatiwa sindinakwatiwe, ndipo sindidandaula. Ndinaona ndekha kuti mwamuna mmodzi pakhomo amakwanira kutopetsa akazi awiri.

A Wessel anali munthu wa mtsinje. Masamba akamaphukira ankaponya ukonde, nsomba zikamakwera kuchokera kunyanja. Kukatentha ankawolotsa anthu pa bwato kupita tsidya linalo, kumene kuli njanji. Mtsinje ukaundana ankapita ndi amuna anzawo kukacheka ayezi woti anthu a mumzinda azidzaziziritsira batala wawo. Sanali aulesi ayi, koma sanalinso munthu woti ntchito n'kumupha. Luso lawo lenileni analitulukira mwangozi, ndevu zawo zisanayambe imvi.

Tsiku limenelo ankachokera kosoka ukonde, atavala malaya ofiira aubweya amene achemwali anawasokera. Akudutsa pansi pa mtengo wathu wa thundu, pamene mtsinje umakhota, anamva munthu akukuwa kumbuyo kwawo.

"Inu a malaya ofiira! Imani pomwepo! Musagwedere!"

Kwathu kuno munthu akakukuwira choncho, ndiye kuti waona njoka pafupi ndi phazi lako. Alamu anauma gwa, mwendo wina uli kutsogolo, maso kumadzi, thukuta lili kamukamu. Anaima mpaka dzuwa kufika paliwombo. Atatopa kuima anafunsa chapansipansi, osatembenuka.

"Akulu, yapita?"

"Yapita chiyani?"

"Njokayo."

"Njoka yanji? Tembenukani, ndamaliza."

Atatembenuka anapeza bambo wa mumzinda atakhala pa kampando pansi pa ambulera, kabokosi ka utoto pamiyendo, burashi ina ataluma pakamwa. Anali a Cyrus Aldworth, ojambula zithunzi ndi utoto wa mafuta, nthawi imeneyo adakali oonda. Anawaonetsa kathabwa konyowa kali ndi mtsinje, mapiri, mtengo uja, ndi kadontho kofiira.

"Nanga ine ndili pati?" alamu anafunsa.

"Apa."

"Kadontho aka? Chabwino. Nanga nkhope?"

"Nkhope ili kutsogolo, ikuyang'ana mtsinje."

Achemwali amalumbira kuti alamu anazungulira kuseri kwa kathabwako kukaisuzumira nkhopeyo. Eni ake anakana nkhani imeneyi mpaka kumwalira kwawo.

A Aldworth atabwerera kwawo anauza anzawo, ndipo kuyambira chaka chotsatira sitima yapamadzi inkatitsitsira anthu ojambula nyengo iliyonse yotentha. Achemwali anakonza zipinda zapamwamba kuti alendowo azigonamo. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame amenewa ankasiya utoto. Ndachapa nsalu zoyala pabedi zili ndi thambo lobiriwira pakati, ndachapa mathawulo opukutira dzuwa lolowa. Utoto wa mafuta suchoka, mukhoza kuchapa mpaka zala kusupuka. Fungo lake linkalowa ndi mu batala momwe.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Kuno ankangojambula tizithunzi ting'onoting'ono pa timatabwa ndi pa mapepala, n'kumatiyanika pakhonde kuti ntchentche zikanirirepo. Kukazizira ankanyamuka nato kupita ku New York, n'kukakhala m'zipinda zofunda kumajambula zithunzi zikuluzikulu pa chinsalu, akuonera pa tating'ono tija. Kumeneko n'kumene ankanama bwino. Phiri lakutali ankalikokera pafupi, n'kulitalikitsa. Njanji ya tsidya lija ankaichotsa. Nyumba zosungira ayezi, mauvuni a njerwa ndi utsi wake, zonse zii. M'malo mwake ankaikamo ng'ombe zitaima m'madzi ofika m'mawondo, pamalo poti ng'ombe yanzeru singapondepo.

Tsiku lina ndinamufunsa mmodzi wa iwo, "Bwana, mauvuni a njerwa aja mwawaika kuti?"

"Amaipitsa, mayi."

"Amaipitsa? Nanga nyumba mukugonamo ku New York anamangira chiyani, mitambo?"

Anangoseka, n'kupukutira burashi pa thawulo langa.

Koma kamunthu kofiira sankakachotsa. Wina anawafotokozera alamu kuti phiri silioneka kukula kwake pokhapokha pakhale kamunthu koyerekezera, ndiponso kuti pakati pa zobiriwira zonsezo diso limafuna kadontho kofiira koti litsamirepo. Pa mawu onsewo, alamu anatolapo amodzi okha: phiri limafuna iwo. Kuyambira pamenepo, akangomva kulira kwa sitima ankavala malaya ofiira, achemwali n'kumasoka ena akale akatha. Kuima ankakudziwa, nsanje pambali. Udzudzu uziluma, mvula iziwaza, iwo chilili ngati mzati wa padoko.

Ojambula onse ankawaimika malo amodzimodzi, pansi pa mtengo wa thundu uja. Mtengowo unakanthidwa ndi mphezi bambo awo a alamu adakali moyo. Mbali ina inali youma, yong'ambika kuchokera pamwamba mpaka pakati, makungwa ali lendelende. Mbali ina inkaphukira timasamba tochepa mwamakani. Nthambi yaikulu inapindika n'kuweramira pamadzi. Alamu ankachita nawo manyazi, poti kwathu mtengo wouma ukakhala chiimire pamalo pako, anthu amati mwini malo nkhwangwa imamulemera. Chaka chilichonse ankati audula, chaka chilichonse pankapezeka chifukwa. Nanga poti ojambula ankawaika pansi pake, iwo ankati, "Anthuwa ndi aulemu, amandiganizira. Amandiika pamthunzi." Mthunzi wake sukanakwanira ngakhale nkhuku.

Chimene chinkawadya mumtima chinali china. Padoko pathu panali malo osulira zitsulo a a Jurian, mnzawo wa paubwana, ndipo amuna ankasonkhana pamenepo kumwa mowa wa maapozi ndi kunyozana. Alamu akangotulukira, a Jurian ankasiya nyundo.

"A Chimsana afika! Apatseni mpando, koma muutembenuzire kukhoma, angasowe mtendere."

"Sekani, anthu osadziwika inu," alamu ankayankha. "Ine ndapachikidwa m'nyumba za mabwana. Inu munapachikidwa kuti?"

"Kupachikidwa mwapachikidwadi, achimwene, koma akukudziwani ndani? Mutapita ku New York lero, muyenera kulowa mumzinda chafutambuyo kuti akulonjereni."

"Ndi nsanje imeneyo."

"Nsanje yanji? Ojambulawa ndi anthu achifundo. Anaiona nkhopeyo n'kuganizira ana a ogula, kuti angamalote."

Alamu ankaseka nawo, koma zinkawapweteka. Ine ndinkadziwa, poti akabwerako ankaima nthawi yaitali pa kalilole wa pabalaza, akutembenuza mutu uku ndi uku. Ana Mulungu sanawapatse. Tsiku lina, tikusenda maapozi, anandiuza osandiyang'ana kuti munthu akafa osasiya mwana kapena nkhope, ndiye kuti wangodutsa ngati bwato pamadzi. Ndinasowa chowaseka nacho tsiku limenelo.

Achemwali anawauza kuti apite ku tauni ya Kingston akajambulitse chithunzi pa makina, poti makinawo anali atafika kale.

"Zija zotuwa ngati mtembo?" alamu anatero. "Iai, mayi. Ine ndine munthu wa utoto."

Nkhondo ya akumpoto ndi akumwera a dziko lathu lino itatha, a Aldworth anali atanenepa, atatchuka, koma osaphonya chaka kubwera kwathu. Madzulo ena kumapeto kwa nyengo, achemwali atawaikira chitumbuwa cha maapozi chotentha, alamu anakhosomola.

"Bwana, ndakuimirani kuyambira muli oonda."

"Zoona zimenezo, a Dederick."

"Udzudzu wa pamtsinje uno wakulira magazi anga. Sindinadandaulepo. Koma ndikukalamba, bwana. Kodi simunganditembenuzeko kamodzi kokha?"

A Aldworth anatafuna pang'onopang'ono, akuganiza. Kenako anaika foloko pansi.

"Mverani. Ndakhala ndikufuna kujambula malo anowa pa chinsalu chachikulu ngati chitseko cha khola, choti chikapachikidwe pa chionetsero cha ku New York. Chaka chamawa ndidzakhala pano nthawi yaitali, kujambula chilichonse mosamala. Pa chinsalu chachikulu choncho, munthu amatalika ngati chikhatho changachi. Ndidzakutembenuzani."

"Ndi mphuno yomwe?"

"Ndi mphuno yomwe."

"Mugule utoto wambiri, bwana," ndinatero ine. "Mphuno imeneyo si yamasewera."

"Mlamu, kadyeni kukhitchini," alamu anatero, koma nkhope yonse ili mwee.

Kutacha nkhani inali itafika kale padoko. A Jurian anati akaiona nkhopeyo pa chinsalu ndi maso awo, dzina la Chimsana adzaliponya mumtsinje okha.

Tsono aliyense amadziwa kuti mlendo wolemekezeka akamabwera, pakhomo pamasesedwa. Ayezi atangosungunuka, alamu anayamba kusesa. Anayambira pa thupi lawo. Ndevu zimene anazisunga theka la moyo wawo anazimeta zonse, kuti nkhope ioneke bwino, ndipo pansi pake panatuluka chibwano choyera chimene ngakhale achemwali anali atachiiwala. Anapita ku Kingston n'kukagula jekete yakuda ya kolala youma. Malaya ofiira anandiponyera ine.

"Muzikolopera, mlamu. Munthu sangapite ku New York atavala za usodzi."

Atatha thupi anapita kumtsinje. Anatchetcha bango ndi zitsamba zonse za m'mphepete. Miyala ya m'mbali mwa madzi, yomera ndere, anaikwecha n'kuipaka laimu, umodzi umodzi, mpaka inandandalika mbee ngati mano. Bwato analipaka penti wobiriwira. Kenako m'mawa wina anaima patali, manja m'chiuno, akuyang'ana mtengo wa thundu.

"Chinthu ichi chandichititsa manyazi mokwanira," anatero. "Anthu a ku New York aziti a Dederick nkhope yabwino, koma ulesi."

A Jurian anabwera ndi sowo yaikulu yogwira anthu awiri. Pa zonyozana anali adani, koma pa nkhani ya mtengo wouma anagwirizana ngati mapasa. Anacheka tsiku lathunthu, akutukwanizana kuti wina akungotsamira sowo. Mtengo unalimba, unalira, kenako unagwa chagada kumtunda, nthaka n'kugwedezeka, mbalame zili balala. Achemwali anaphika nyama ya nkhumba ndi kabichi. Abusa podutsa anaima n'kuyamikira kuti ukhondo ndi chiyambi cha kuopa Mulungu. Tonse tinaona kuti pamalo payera. Munthu ukaima pakhonde unkaona mpaka njanji ndi mauvuni a njerwa, popanda chotchinga.

A Aldworth anafika kutayamba kutentha, ndi mabokosi ochuluka kuposa kale. Alamu anakawalandira padoko atavala jekete ija. Bwanayo anawapatsa moni waulemu ngati munthu wachilendo, n'kuwapitirira, akufunafuna a Dederick.

"Ndine, bwana!"

"Mwatani? Mwadwala?"

"Ndakonzeka. Tiyeni, katundu abweretsa. Muyambe mwaona kaye malo anu."

Ine ndi achemwali tinatsatira pambuyo, poti tinkafuna kumva kuyamikira. Titafika pokhota mtsinje paja, alamu anatambasula dzanja ngati akuonetsa mkwatibwi. A Aldworth anaima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumwamba kumene kunalibe kanthu.

"Mtengo uli kuti?"

"Uli kuseri kwa nyumba, bwana, wowazawaza kale. Musadandaule, sudzakusokonezaninso."

Bwanayo anayenda pang'onopang'ono n'kukakhala pa chitsa. Anavula chipewa. Anasisita chitsacho ndi dzanja ngati akusisita mutu wa wodwala.

"A Dederick," anatero, "mwandipha."

"Unali wouma, bwana. Wopindika. Wa mphako."

"Ndiye kukoma kwakeko! Mtengo wotere munthu sangaudzale. Umafuna zaka mazana, kenako mphezi, kenako mwini malo waulesi woti ausiye. Ndayenda mtsinje uno kuchokera ku New York mpaka ku Albany, kunalibe wina wofanana nawo. Inu mumayesa ndinkabwerera chiyani kuno chaka ndi chaka?"

Alamu anayang'ana achemwali. Achemwali anayang'ana pansi.

"Nanga miyalayi yatani? Ndani wapaka zimenezi?"

"Ndine, bwana. Inali ndi ndere."

"Ndere! Ndinkatha tsiku lathunthu kusakaniza utoto kuti ndipeze mtundu wa ndere zimenezo! Nanga malaya ofiira?"

"Ndikukolopera," ndinatero ine. "Amamwa madzi bwino."

A Aldworth anabisa nkhope m'manja. Sitima ya pamtunda inalira tsidya lija. Kenako alamu analankhula ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo.

"Koma ine ndilipo, bwana."

Bwanayo anavala chipewa n'kudzuka pa chitsapo. Madzi akatayika sawoleka. Madzulo amenewo chitumbuwa cha maapozi chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire. Mabokosi a utoto sanatsegulidwe n'komwe. Pasanathe masiku ambiri, a Aldworth anati akupita kumapiri kukafuna mathithi. Padoko, sitima ikuyandikira, alamu anawagwira mkono wa jekete.

"Nanga chinsalu chachikulu chija?"

"Ndili ndi tizithunzi takale tambiri," anatero a Aldworth motopa. "Ndikaona chochita."

Kwa ine mawu amenewo anali otsanzikira chabe. Kwa alamu linali lonjezo.

"Mwamva, mlamu? Akaona chochita. Anthu ophunzira akakwiya amalankhula zilizonse, koma nkhope yanga aiona bwinobwino tsopano, yopanda ndevu. Aisunga m'mutu."

Ojambula ena anabwerabe chaka chimenecho. Ankafika pokhota paja, kuyang'ana chitsa ndi miyala yoyera, n'kufunsa nthawi imene sitima ina idutse. Nsalu zanga zinakhala zoyera nyengo yonse, ndipo ndinadabwa kuti sizinandisangalatse. M'nyumba munali zii, achemwali ankaphika chitumbuwa n'kusowa wochiyamikira.

Kuzizira kutafika tinayamba kusonkha mtengo uja. Nkhuni zake zinali zabwino zedi, zouma, zosachita utsi, zoyaka mpaka m'mawa. Alamu ankakhala pafupi ndi mbaula, mapazi kumoto, akuyeserera nkhope zosiyanasiyana.

"Mlamu, mukuganiza kuti andijambula chomwetulira kapena chaukali?"

"Chotseka pakamwa, akakhala anzeru."

Masamba ataphukiranso, wophika wa mu sitima anabwera ndi nkhani padoko. Anati chithunzi chachikulu cha a Aldworth chapachikidwa pa chionetsero, ndipo anthu akukanganirana kuti achione. Anati akuchitchula kuti m'mawa pa Hudson, ndipo amene anachiona akuti ndi pokhota pathu pomwe. Alamu sanafunse zambiri. Anatulutsa jekete, anameta chibwano mpaka kudzicheka. Achemwali anakana kupita, poti iwo sitima yapamadzi ankaiopa, ankati chinthu choyendera moto pamadzi tsiku lina chidzaphulika. Ndiye ndinapita ine, kuti alamu asakasochere. A Jurian anatseka malo awo osulira.

"Ndikaione ndekha mphunoyo," anatero. "Za kumva sindifuna."

Ulendo wonse alamu anali pamwamba pa sitima, akuuza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna kuti akupita kukadziona. Mayi wina wa chipewa cha nthenga anawafunsa ngati ali ojambula. Iwo anati ayi, iwo ndi ojambulidwa, ndipo ntchito yovuta ndi imeneyo.

Nyumba ya chionetsero inali ndi masitepe a miyala ndi zipinda zazitali, zithunzi zitadzaza makoma kuyambira m'chiuno mpaka kudenga. Anthu ankayenda mwakachetechete ngati pamaliro, akuloza ndi timapepala. Nsapato za a Jurian zinkalira sitepe iliyonse. Sitinavutike kufunafuna, tinangotsatira kumene kunali khamu. Alamu anapyola pakati pa anthuwo ndi mapewa awo a usodzi, ife pambuyo, mpaka anafika kutsogolo kwenikweni.

Chinalidi chachikulu ngati chitseko cha khola. Munali mtsinje wathu m'mawa, nkhungu ikunyamuka pamadzi, mapiri atakokedwa pafupi monga mwa nthawi zonse. Njanji munalibe, mauvuni munalibe, laimu munalibe. Miyala inali itabwezeredwa ndere zake. Ndipo kumanzere, kuchokera pansi mpaka pafupi ndi pamwamba, unaima mtengo uja. Mng'alu wa mphezi unali pomwepo, makungwa olendewera, mphako, timasamba tamakani tija. Dzuwa linkaugunda mbali youma n'kuiwalitsa ngati mkuwa, ndipo nthambi yopindika ija inkadziyang'ana m'madzi. Bwanayo anali ataujambula ngati mmene munthu angajambulire mayi ake omwalira.

Ndinatsitsa maso kuyang'ana pansi pa mtengo. Pamalo pamene alamu ankaima panali mbawala, itaweramitsa mutu, ikumwa madzi.

Ndinafufuza kumanja, m'bango, pa miyala, ngakhale patali pamadzi ngati pali kabwato. Munalibe munthu, munalibe kadontho kofiira ngakhale kamodzi. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinkaopa kuwayang'ana alamu. Ndinkaopanso pakamwa pa a Jurian, poti nkhani yoti munthu walowedwa m'malo ndi mbawala ikanawakwanira kuseka mpaka kumanda. Ndinakonzeka kuwaponda phazi. Koma a Jurian anali duu, kukamwa kuli pululu, maso pa mtengo umene anaucheka ndi manja awo.

Alamu anaima chilili, monga ankadziwira. Anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza, ena kusuzumira m'mbali. Posakhalitsa panafika mlonda wa m'nyumbamo, wa mabatani onyezimira, n'kuwagwira paphewa.

"Pepani madala, tasunthani pang'ono. Mukutchingira anthu."

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono. Chipinda chonse chinali chikuwayang'ana, mabwana a ndodo, madona a magolovesi, onse maso pa nkhope yawo, chibwano chodzicheka, mphuno ija, ndi misozi ikutsika mbali zonse ziwiri.

"Mwana wanga," anatero, osakweza mawu, "ine ndaima pamalo amenewa kuyambira iwe usanabadwe, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndikutchinga. Mtengo uwu ndi wanga. Ndinaudula ndine. Tandilola ndiuone."

Mlondayo anachotsa dzanja. Sindikudziwa ngati anamva tanthauzo lake kapena anangoyesa wamisala, koma anabwerera m'mbuyo. Alamu anatembenukiranso ku chithunzi. A Jurian anavula chipewa n'kukaima pambali pawo, phewa ndi phewa, ine n'kuima mbali inayo. Amene ankafuna kuona anayenera kudikira.

Patapita nthawi alamu anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete yatsopano.

"Mlamu."

"Ee, alamu."

"Unali chonchi nthawi yonseyi?"

"Unali choncho."

"Ine sindinauonepo. Ankandiimika pansi pake, maso kumadzi, n'kundiuza kuti ndisagwedere." Anayang'ananso mtengowo. "Nkhuni zake zinkayaka bwino, eti?"

"Zinkayaka bwino."

"Ndikanadziwa, mlamu, ndikanagona ndi chisanu."